Mlimi, yang'ana kagetsi kofiira usanakweze mabelo

Alimi anzanga, nyengo yokolola ikafika kuno kwa Kasakula pakamwa pathu pamakhala nkhani ziwiri: mitengo ya mbewu ndi mayendedwe. Za mitengo timadandaula tsiku ndi tsiku, ndipo sindibwereza lero. Ndikufuna tikambe za mayendedwe, makamaka za kachitsulo kena kakang'ono, kotalika ngati chala chachikulu, kamene kamamangidwa m'nthiti mwa injini ya galimoto zakale zija zimatinyamulira fodya, soya, mtedza ndi mbatata ya kachewere. Amakaniko amakatchula kuti swichi ya oyilo. Ine sindine makaniko, ndine mlimi ngati inu nomwe, koma kachitsulo kameneka kanaphunzitsa kalabu yathu phunziro lowawa, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa aliyense wogwira sipanala kuti andifotokozere bwino za iko.

Mukukumbukira kuti mu 1990 lamulo linasintha, alimi ang'onoang'ono tinaloledwa kulima fodya wa bale amene kale anali wa maesiteti okha. Makalabu anabuka ngati bowa m'mapiri onse a Ntchisi ndi Dowa. Zaka zochepa zitapita ine ndinasankhidwa kukhala mlembi wa kalabu yathu. Tsiku lina m'mwezi wa Juni tinachita hayala pikiapu yakale ya petulo kuti itenge mabelo athu asanu ndi anayi kupita nawo kudepoti, kumene lole yopita ku okushoni ya ku Kanengo inali kudikira. Monga mlembi ndinakhala kutsogolo, mapepala ali m'manja. Dalaivala atapotokola kiyi ndinaona kagetsi kamodzi kokha kakuyaka, ka batire. Sindinaganizepo kanthu. Kwa ine magetsi a padashibodi anali ngati maluwa a pa nsalu.

Tinayenda bwino mpaka pa chikweza china chachitali tisanafike n'ku Ntchisi boma komwe. Galimoto ili m'giya yoyamba, ikulira ngati ng'ombe yomangidwa, tinayamba kumva kugogoda pansi pa boneti, ngati munthu akumenya chitseko ndi mwala. Dalaivala anawonjezera moto kuti amalize chitundacho. Sitinachimalize. Injini inangoti zii, ndipo anyamata anathamangira kukaika miyala kumatayala.

Tinagona pomwepo. Amene mumadziwa nkhungu ya m'mapiri muno m'mwezi wa Juni mukudziwa kuti imanyowetsa ngati mvula. Tinalibe tenti yokwanira. Lole inapita osatidikira, ndipo mabelo awiri apamwamba anamwa chinyezi kotero kuti tinachita kuwamasula, kuyanikanso fodyayo ndi kumudindanso pa jeke. Pofika ku Kanengo tinali titachedwa ndi masabata, ngongole ya feteleza ikubereka chiwongoladzanja. Mayi wina wamasiye wa m'kalabu mwathu, amene anali ndi belo limodzi lokha pa ulendowo, sanandinyoze ayi, anangondifunsa kuti, "Alembi, nanga inu munali kutsogolo simunaone kanthu?" Funso limenelo ndi limene landilembetsa nkhaniyi.

M'mawa mwake kunabwera makaniko wachikulire pa njinga. Atatsegula boneti sanachedwe. Anatola waya wina wopyapyala amene ankangolendewera, nsonga yake itakulungidwa ndi tepi yakuda.

"Achimwene, waya uyu anamuzula ndani?"

"Getsi limavutitsa, bambo," anayankha dalaivala uja. "Pa chitunda chilichonse limangophethira. Ndiye ndinauza mnyamata wa pagalaja kuti alizimitse."

Mkulu uja anapukusa mutu. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kutionetsa. Kunsonga kokha ndi kumene kunali kadontho kakuda.

Tsono tamvani mmene kachitsuloka kamagwirira ntchito, chifukwa mukamvetsa zimenezi palibe dalaivala amene adzakunamizeni. M'kati mwa injini muli zitsulo zozungulira mothamanga kwambiri. Chachikulu mwa izo ndi kilankishafuti, imene imakhala pa mabering'i, ndipo mapisitoni amaikankha kambirimbiri pa mphindi imodzi. Zitsulozi siziyenera kukhudzana. Chimene chimazilekanitsa ndi oyilo, ndipo oyiloyo samangokhala phee ngati madzi mumtsuko. Amakhala pansi m'sampu, pampu imamuyamwa kudzera pa kasefa, n'kumukankha mwamphamvu m'timisewu tobooledwa m'kati mwa injini mpaka alowe pakati pa zitsulo zija. Mphamvu ya kukankhako ndi imene amati puresha. Oyilo akhoza kukhalamo m'sampu, koma ngati sakukankhidwa, zitsulo zimadyana, kutentha, mpaka kumatirirana. Ndi zimene timati injini yanoka.

Swichi ya oyilo imamangidwa pa umodzi mwa timisewu timeneti, kawirikawiri pafupi ndi fyuluta ya oyilo. M'kati mwake muli kanthu kopyapyala kokungika ngati chikopa cha ng'oma, kasipiling'i, ndi tizitsulo tiwiri togundana. Injini ikakhala chozima palibe chokankha kachikopako, tizitsulo tija timagundana, moto wochokera ku batire umadutsa m'babu la padashibodi n'kukathera m'thupi la injini, ndipo kagetsi kofiira kokhala ndi chithunzi cha kabekete kodontha kamayaka. Injini ikalira, oyilo amakankha kachikopa kaja, tizitsulo timalekana, kagetsi kamazima. Basi, nzeru yake ndi yomweyo. Pa galimoto zambiri zakale pamapita waya mmodzi yekha. Mukazula wayayo, kagetsi sikadzayakanso ngakhale oyilo atayike yense pamsewu.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri, ngakhale madalaivala, sazidziwa. Choyamba, kagetsika sikayeza kuchuluka kwa oyilo. Ntchito imeneyo ndi ya kachitsulo kosolola kaja, ndipo imafuna munthu atsegule boneti m'mawa uliwonse. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, kagetsika kamayaka zinthu zitafika kale pothina. Injini yabwino ikamayenda pamsewu puresha ya oyilo imakhala pakati pa mabar awiri ndi anayi. Swichi zambiri zimayatsa getsi puresha ikatsika kufika cha pa theka la bar kapena kucheperapo. Kuti mumvetse, tayala la galimoto yaing'ono amalipopa mabar awiri kapena kuposerapo pang'ono. Tayala limene latsala ndi theka la bar aliyense amaliona kuti laphwa. Choncho getsi lija likayaka galimoto ikuyenda, silikunena kuti mukafika ku Mponela mukaoneko makaniko. Likunena kuti zimitsani pompano. Injini yolemedwa ndi katundu imatha kuwonongeka m'kamphindi kochepa ikakhala yopanda oyilo.

Nanga n'chifukwa chiyani getsili limakonda kuphethira kuno kwathu kusiyana ndi kuchigwa? Yankho lili m'mapiri athuwa. Oyilo akachepa m'sampu, pamalo a thyathyathya pampu imamupezabe. Koma galimoto ikapendekeka pa chikweza kapena pamtsetse, kapenanso ikakhota mwamphamvu, oyilo wochepayo amathawira mbali imodzi, pampu n'kuyamwa mpweya. Ndiye kuphethira kuja dalaivala wathu ankadandaula nako. Galimoto inali kumuuza zoona pa chitunda chilichonse, iye n'kuitseka pakamwa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ife mnansi ameneyu timamuzula waya.

Komanso pa chikweza injini imatentha, ndipo oyilo akatentha amasungunuka n'kukhala ngati madzi. Ngati mabering'i anatha kale, oyilo wotereyu amangopulumukira m'mipata, puresha n'kugwa. N'chifukwa chake pa injini zotopa amakaniko ambiri amakonda oyilo wolimba wolembedwa 20W-50. Fumbi la m'misewu yathu nalo silisewera. Likalowa chifukwa cha sefa ya mpweya yong'ambika, limasakanikirana ndi oyilo wakale n'kupanga matope amene amatseka kasefa ka pampu. Za oyilo wa m'mabotolo a zakumwa wogulitsidwa m'mbali mwa msewu sindinena zambiri. Wina amakhala wabwino, wina amakhala wokhuthulidwa m'galimoto ina n'kusefedwa ndi nsalu, ndipo diso silingasiyanitse.

Palinso matenda ena amene ndi a galimoto za kabuleta makamaka, zomwe ndi zimene zakhala zikutitumikira kumidzi kuno. Ndikunena ma Toyota Hilux akale a petulo, ma Land Rover, ma Peugeot 404 amene ku Kenya anapitiriza kuwamanga mpaka 1991, ndi timapikiapu ta Datsun 1200 ndi Nissan 1400 timene abale athu amabwera nato kuchokera ku Joni. Nissan 1400 anasiya kuipanga ku South Africa mu 2008, ndipo mpaka pomaliza inali ya kabuleta, choncho galimotozi tikhala nazo kwa nthawi ndithu. Matenda ake ndi petulo kulowa mu oyilo. M'mawa wozizira dalaivala amakoka tchoki kuti injini ilire, ndipo akaiwala kuibwezera petulo wochuluka amatsikira m'mbali mwa mapisitoni n'kukagwera m'sampu. Kabuleta yosefukira imachitanso chimodzimodzi. Choopsa kwambiri ndi pampu ya petulo yomangidwa pa injini ija. Labala wake wa m'kati akang'ambika, petulo amathira molunjika mu oyilo. Pamenepo munthu amasolola kachitsulo koyezera n'kupeza oyilo wadzaza, mwinanso wapyola pa mzere, nayamba kuyamikira galimoto yake kuti siidya oyilo. Chonsecho m'sampu muli msuzi. Nunkhizani kachitsuloko. Kakamveka fungo la petulo, ndipo oyilo akumachuluka yekha popanda womuthira, pali vuto. Apa m'pamene swichi ija imaposa diso, chifukwa diso likuona oyilo wodzaza pomwe iyo ikumva kuti puresha palibe.

Ndisakhale ngati ndikungodzudzula. Eni galimoto ali ndi mbali yawo, ndipo ndaimva. Akuti swichi nazo zimafa. N'zoona. Kachikopa kaja kakakalamba kamatha kunama, kuyatsa getsi injini ili bwinobwino, kapena kuyamba kudontha oyilo pamene palowa waya. Akutinso zina za m'masitolo n'zachinyengo, mwezi umodzi zafa. Zoonanso. Akutinso sipeya ili kutali, kuti uipeze uyenera kupita ku Mponela kapena ku Lilongwe, ndipo nyengo ya fodya tsiku limodzi galimoto itaima ndi ndalama zambiri zotayika. Zonsezi sindikana. Koma palibe chimodzi mwa izi chimene chimapereka chifukwa chozulira waya. Ngati mukukayika swichi, makaniko weniweni amaimasula n'kumangapo geji yoyezera puresha, injini n'kuiliza mpaka itenthe. Geji ikaonetsa puresha yabwino, wolakwa ndi swichi, gulani ina. Geji ikaonetsa yochepa, swichi inali kunena zoona, ndipo mwapulumutsa injini. Mtengo wa swichi sufika n'pafupi pomwe pa mtengo wa thumba limodzi la feteleza. Yerekezani ndi injini yonoka: kuitsitsa, kunyamula kilankishafuti kupita nayo mumzinda kukapala, mabering'i atsopano, magasiketi, oyilo, ntchito ya makaniko, ndi masabata galimoto ili pamiyala pansi pa mtengo wa mango. Ndaona anthu amene anagula pikiapu ndi ndalama za fodya za zaka zitatu, lero nkhuku zikuikira mazira m'menemo.

Kwa amakaniko anzathu a pa malo a malonda, mawu anga ndi olimba pang'ono. Munthu akabwera kuti getsi likumusowetsa mtendere, inu n'kuzula waya kapena kuchotsa babu, mwamulipiritsa kuti mumuphere injini. Pali ena ochenjera moipa, makamaka pofuna kugulitsa galimoto yotopa, amene amalumikiza getsi la oyilo ku getsi la batire kuti onse aziyaka ndi kuzima limodzi, wogula aziona ngati zonse zili bwino. Kumeneko ndi kuba, ngakhale palibe amene anathyola chitseko.

Pali ntchito ina yachiwiri ya swichi ya oyilo imene imakhudza moyo wa anthu, osati chitsulo chokha. Pampu ya petulo yomangidwa pa injini ikafa ndipo ina ikasowa, amakaniko ambiri amaikapo pampu yamagetsi n'kuilumikiza molunjika ku kiyi. Galimoto imayenda, aliyense n'kusangalala. Koma taganizirani. Pampu yakale ija imayendetsedwa ndi injini, ndiye injini ikazima nayo imaima. Yamagetsiyi siidziwa kuti injini yazima. Malinga kiyi ali potsegula, imangopopa. Galimoto ikagubuduzika pamtsetse, paipi n'kuduka, dalaivala atakomoka, petulo amapitiriza kutayikira pa injini yotentha, pamwamba pali mabelo a fodya wouma ndi anthu okwera matola. Opanga galimoto anaiona kale ngozi imeneyi. Ku America, galimoto yotchedwa Chevrolet Vega, imene inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, inali ya kabuleta koma ya pampu yamagetsi, ndipo moto wopita ku pampuyo unkadutsa pa swichi ya oyilo. Puresha ikagwa, pampu imaima. Swichi zoterezi zimakhala ndi mapini atatu m'malo mwa imodzi: ina imapatsa pampu moto pa nthawi yoliza injini, kenako puresha ikakwera moto umadutsa njira ina. Phindu lake ndi lapawiri. Pa ngozi petulo amasiya kutuluka, ndipo oyilo akatha injini imazima yokha petulo wa m'kabuleta akangotha. Mwini galimoto aliyense amene anaikitsa pampu yamagetsi afunse makaniko wake kuti moto wa pampuyo ukuchokera kuti.

Tsono ife alimi, amene ambiri tilibe galimoto koma katundu wathu ndi miyoyo yathu zimakwera pa galimoto za anzathu, tichite chiyani? Simufunika kukhala makaniko. Musanakweze thumba ngakhale limodzi, imani pa khomo la dalaivala ndipo mumupemphe apotokole kiyi osaliza injini. Kagetsi kofiira ka kabekete kayenera kuyaka. Kakapanda kuyaka, waya anazulidwa, babu linapsa kapena swichi inafa, ndipo galimotoyo ikuyenda yakhungu. Kenako alize injini. Kagetsiko kayenera kuzima m'masekondi ochepa. Kakachedwa kwambiri, kapena kakamaphethira injini itatentha ikungolira pamalo amodzi, injiniyo yatopa ndipo zitunda zathu sizidzaichitira chifundo. Amene mukugula galimoto onjezerani ichi: kiyi ali potsegula, injini ili chozima, wina azule waya wa pa swichi inu mukuyang'ana padashibodi. Getsi liyenera kuzima, ndipo akaubwezera liyakenso. Likapanda kusintha, dziwani kuti getsilo analilumikiza kwina.

Ndikudziwa chimene chimatigwira: manyazi. Galimoto kuno n'zochepa, mwini wake mwina ndi mlamu wa amfumu kapena mkulu wa mpingo, ndipo mlimi wovala nsapato za matayala kufunsa za dashibodi kumaoneka ngati mwano. Dalaivala wina adzakuyankhani kuti, "Madala, inu za khasu, ife za chiwongolero." Musapse mtima. Muuzeni mwaulemu kuti katunduyo ndi thukuta la chaka chonse, ndipo galimoto ikafera pa phiri iye adzataya ulendo umodzi pomwe inu mudzataya msika. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo kunena zoona, mwini galimoto wanzeru amakondwa, chifukwa nthawi zambiri iye sadziwa n'komwe zimene dalaivala wake anachita pagalaja.

Getsi likayaka muli paulendo, amene mwakhala kutsogolo lankhulani. Musadikire kuti dalaivala amalize chitunda ngati tinachitira ife. Aime pambali, azimitse injini, anyamata aike miyala kumatayala. Dikirani mphindi zingapo kuti oyilo atsikire m'sampu, kenako yezani, makamaka pamalo osapendekeka kwambiri. Ngati wachepa, thirani, yang'anani pansi ngati pakudontha, ndipo lizaninso. Getsi likazima mukhoza kupitiriza pang'onopang'ono. Ngati oyilo ndi wokwanira koma getsi likukanabe kuzima, kapena mukumva kugogoda, galimotoyo isayendenso ndi mphamvu yake. Kuikoka n'kotsika mtengo kusiyana ndi kuinoketsa. N'chifukwa chake galimoto iliyonse yonyamula katundu m'mapiri muno iyenera kuyenda ndi botolo la oyilo kuseri kwa mpando, ndipo kufunsa za botolo limenelo sikulakwa.

Ku kalabu yathu, chitachitika chija tinalemba lamulo m'buku la msonkhano. Galimoto ya hayala ikafika, msungichuma sapereka ndalama ya petulo mpaka anthu awiri a m'komiti aone kagetsi kofiira kakuyaka ndi kuzima, ndiponso aone oyilo pa kachitsulo koyezera. Chaka choyamba madalaivala anatiseka, wina anachita kubwerera osanyamula kanthu, ndipo a tcheyamani anatsala pang'ono kulifufuta lamulolo poopa kuti tisowa wotinyamulira. Chaka chachiwiri yemwe uja anabweranso, ndipo tisanamufunse n'komwe anapotokola kiyi yekha n'kutiitana kuti tidzaone. Mayi wamasiye uja ndi amene tinamusankha kukhala mmodzi wa oyang'anira. Sadziwa kuwerenga, koma chithunzi cha kabekete amachidziwa, ndipo samalola belo kukwera asanakaone.